Jekete la Jailosi

Nkhani iyi ana anga sindinawauzepo, ndipo mukakumana nawo musawauze. Ndi ya tsiku limene ndinapereka manja kuti andimange popanda wofuna kundimanga.

Nthawi imeneyo ndinkaimba kwaya kutchalitchi kwathu ku Chisepo. Bandi yotchuka m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi inali ndi woimba wake, Jailosi, munthu woti akangotsokomola pa maikolofoni amayi ankayamba nthungululu. Tsiku lina Jailosi anangosowa. Masiku amenewo munthu akasowa sitinkafunsa. Tinkangoyang'ana cha ku ndende ya Dzaleka n'kumeza malovu.

A Phiri, eni bandi, anandipeza kwathu.

"Loweruka masana tili ndi shoo muholo ya pa Ntchisi. Mawu muli nawo, achimwene. Valani ili."

Linali jekete la Jailosi, lachikasu, lonyezimira. Bandi yonse inali ndi limodzi lomwelo, ndipo manja ake ankandibisa zala.

Nditangokwera pasiteji, holo yonse inandiukira.

"Ameneyu ndi ndaninso?"

"Tikufuna Jailosi!"

"Vula jekete la eni ake!"

Mayi wina anandigenda ndi chitsononkho, pamphumi penipeni. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandisokoneza ndi bambo wina amene anakhala kumbuyo: suti yakuda, magalasi akuda, kabuku m'manja. Ndikaimba mzere, iye walemba. Ndikapuma, iye wandiyang'ana.

Ndinachita mantha osaneneka. Mumtima ndinati basi, amene anatenga Jailosi abwerera jekete, ndi munthu ali m'katimo yemwe. Komanso nyimbo ndikuimbayi ndi ya Jailosi. Ndidziwa bwanji mzere umene unamumangitsa?

Ndinaidula pakati, n'kuyamba nyimbo yotamanda boma imene tinkaimba pamisonkhano ya chipani.

Holo inangoti zii! Angakuwize nyimbo imeneyo ndani? Angatuluke ndani? Mayi wondigenda uja anayamba kuwomba m'manja, chitsononkho china chili m'khwapa.

"Sinthani nyimbo, achimwene!" ananong'ona a Phiri.

"Yambani inu kusiya!" ndinayankha.

Sanasiye. Panalibe wofuna kuoneka woyamba kutopa. Tinaibwereza, n'kuibwerezanso, mpaka woimba ng'oma anatuluka matuza, anthu akuvina nkhope zili ngati ali pamaliro.

Mawu atandithera, ndinazemba potulukira kuseri, cholinga ndikalowe m'chimanga. Ndisanadumphe mpanda, dzanja linandigwira paphewa. Magalasi akuda aja!

"Pepani bambo, ndimafuna ndikufunseni pang'ono."

Ndinagwada pomwepo, khadi la chipani ndatulutsa kale, manja ndatambasula.

"Bwana, jekete si langa! Jailosi sindimudziwa, ndinangomuonapo kawiri! Mkazi wanga ndi woyembekezera, bwana!"

"Dzukani, mukundichititsa manyazi. Ine ndine mtolankhani, ndachokera ku Blantyre. Ndimati ndifunse, Jailosi abwerako liti ku Kasungu?"

"Ku Kasungu?"

A Phiri, amene anali atatipeza, anakanda mutu.

"Anathawitsa mlongo wanga. Ali ku esiteti ya fodya. Ndimaona kuvuta kukuuzani."

Ndinadzuka, n'kusasa fumbi m'maondo. Mantha atachoka, kunyada kunabwera. Mtolankhani anatulutsa kamera, ine n'kuimirira chifuwa patsogolo ngati palibe chachitika.

Patapita milungu iwiri nyuzipepala inafika pabasi. Ndinaitana a kwaya onse, apongozi anga omwe, kuti adzaone munthu wawo. Tinatsegula. Chithunzi chinalipo ndithu, koma chinayambira m'khosi kutsika, mutu anaudula. Pansi pake analemba kuti jekete la Jailosi likudikirabe mwini wake. Dzina langa ndinalifufuza mpaka patsamba la mpira, osalipeza.

Apongozi anayang'anitsitsa chithunzicho, kenako anati, "Koma jeketeli laoneka bwino."

Ndinaphunzira tsiku lomwelo kuti wolowa m'malo mwa munthu wotchuka safunidwa ndi aliyense, ngakhale apolisi.