Mfundo Zanga Zitatu ndi Nazale ya Alamu

Mpaka lero ndikamadutsa pa chulu cha kumapeto kwa sikimu ya mpunga ya Likangala ndimayang'ana kumbali. Chuluchi sichinandilakwire kanthu. Wolakwa ndine, ndipo mboni yake ndi dziko lonse la Malawi.

Ndine munthu wosalankhulalankhula. Ku mpingo ndine mkulu, ndipo pakabwera nkhani yovuta ndimakhala womaliza kutsegula pakamwa. Kuno kwa Mwambo ndinabwera ngati mkamwini. Akazi anga atatisiya zaka zinayi zapitazo, zinali zoti andisudzule ndibwerere kwathu, koma kwathuko, kutsidya kwa nyanja, kunatsala mabwinja okhaokha. Amene anaimirira pamaso pa mbumba ndi alamu anga a Feliya, akulu awo a malemu. Anati, "Awa ndi munthu wosamala. Asiyeni akhale, azilima puloti ya mng'ono wanga." Mawu akuti wosamalawo muwasunge, tiwafunanso.

Za mpira ndinaziyamba chifukwa m'nyumba munali zii. Loweruka lililonse masana pa wailesi pamakhala pulogalamu yoti anthu aziimba foni, ndipo nyengo imeneyo nkhani inali imodzi: kodi timu yathu ya dziko izilowa mpikisano uliwonse wakunja, kapena isankhe yochepa n'kukonzekera bwino? Anthu ankangokuwa. Uyu akuti kochi achoke, uyo akuti ilowe yonse kuti anyamata akwereko ndege. Ine ndinafatsa milungu isanu, n'kulemba mfundo zitatu pa kapepala, n'kukasunga m'buku la nyimbo. (Ndikudziwa. Ndinalapa kale.)

M'chilimwe madzi a m'ngalande amachepa, ndiye timathirira mosinthana. Nthawi yako ikakwana umazula thabwa lotseka madzi pa geti, n'kuima pomwepo. Puloti ikadzadza, ubwezeretse thabwalo. Wothirira sachoka, ndipo izi ngakhale mkamwini wa dzulo amazidziwa. Kumunsi kwa puloti yanga kunali nazale ya alamu a Feliya. Anali atafesa mpunga wa faya masiku atatu m'mbuyomo, mbewu yosankha okha ndi kuisunga chaka chonse, ndipo inali itangotulutsa timizu. Pakati pa ine ndi iwo panali kakhoma ka dothi kosafika n'komwe m'bondo.

Loweruka limenelo nthawi yanga yothirira inagwa masana, ndendende pa nthawi ya pulogalamu. Pa geti foni sigwira. Imagwira pa chulu chija, mtunda wa mabwalo awiri a mpira.

Ndinazula thabwa, madzi n'kuyamba kulowa mwaulesi. Mumtima ndinati: puloti iyi imatenga ola lathunthu kuti idzadze, komanso milungu yonseyi ndakhala ndikuyesa koma foni yanga sinalowepo ku wailesi. Ndikayesa kawiri, ikana, ndibwerera. Chimene sindinadziwe n'chakuti anzathu a kumtunda anali akutseka mageti awo msanga kuti apite ku maliro, ndipo madzi onse a m'ngalande anali kubwera kwa ine ndekha.

Ndinakwera pa chulu. Ndinayesa kamodzi. Inalowa.

"Dikirani pa foni pomwepo bambo, patsogolo panu pali anthu atatu," anatero mtsikana wa ku wailesi.

Woyamba anayamba ndi kupereka moni kwa abale ake, mmodzimmodzi, mpaka a ku Joni. Ndili chiimire, foni kukhutu, kapepala kumanja, ndinaona puloti yanga ikunyezimira. Yonse. Ndinatikita maso. Wachiwiri akulankhula, madzi anafika pamwamba pa kakhoma kaja. Wachitatu atangoti "moni Amalawi," pakona pa kakhomako panada, kenako panagumuka.

Apa ndi pamene munthu wosamala akanadula foni n'kuliyatsa liwiro. Mwendo umodzi unatsikadi pa chulu. Mawu a m'foni anayamba kudukaduka. Mwendowo unabwerera.

"Tili ndi ndani pa foni?" Anali muulutsi mwini wake.

Ndinatchula dzina langa, la mudzi, ndi la mpingo lomwe (za mpingo palibe anandifunsa).

"Muli pati panopa, madala?"

"Ndili ku sikimu, ndikuthirira mpunga."

Silinali bodza kwenikweni. Madzi ankathiriradi, kungoti woyang'anira kunalibe.

"Mfundo yoyamba," ndinatero, ndikuwerenga pa kapepala. "Madzi akachepa satsegula mageti onse. Timu yathu isankhe mipikisano iwiri, wa mayiko oyandikana nafe ndi wa Afirika yense. Ina idikire. Ukathirira paliponse, paliponse pamauma."

"Eee! Nzeru za kumunda izo! Pitirizani, madala, Malawi yense akumva."

Abale, kunyada ndi tchimo lozuna. Maso anga ankaona madzi ofiira akudutsa pakati pa nazale, mbewu ikuyandama ngati madeya, koma makutu anga anali atamva kuti Malawi yense akumva.

"Mfundo yachiwiri. Mpunga umayambira ku nazale. Mphamvu zimene timataya ku mipikisano inayo zipite kwa ana a sukulu: mipira, mabwalo, aphunzitsi a masewero. Wosasamala nazale asayembekezere kukolola."

Muulutsi anakondwa, nayamba kundifunsa kuti anawo aziyamba ali ndi zaka zingati. Ndikuyankha, ndinaona munthu akubwera m'mbali mwa ngalande, chitenje chomanga m'chiuno, kawailesi m'manja. Anali alamu. Ankapalira mbali ina ya sikimu ndi amayi anzawo, wailesi ili pa mzere kudikira pulogalamu ya makwaya, ndipo atangomva mawu anga anadziwa kuti munthu amene foni yake ikugwira sali pa geti. Anabwezeretsa thabwa. Anaima pa nazale yawo kanthawi, manja ali m'chiuno. Kenako anatembenukira ku chulu.

Ndinapemphera kuti mayunitsi athe. Sanathe.

"Alamu! Alamu inu! Nazale yake iti imene mukuphunzitsa dzikoyo?"

Mawuwo ndinawamva kawiri, poyamba pakamwa pawo, kenako m'kawailesi kawo.

"Kodi akukuwawo ndani, madala?"

"Ndi alamu anga."

"Akugwirizana nanu?"

"Ali ndi maganizo awo."

"Tawapatseni foni timve."

Sindinawapatse. Anachita kulanda.

"Bambo a pa wailesi, ine za mpira sindidziwa. Koma amene mukuwamverawa asiya geti yotsegula, ndipo mbewu yanga yonse ili pa ulendo wa ku chilumba cha Chisi. Timu yanuyo ilowe kulikonse kumene ikufuna, bola musawapatse awa pagolo."

M'kawailesi munamveka kuseka kwa munthu wofuna kugwa pa mpando, kenako nyimbo. Alamu anandibwezera foni. A Feliya akakalipa, zinthu zimathera pomwepo. Akakhala chete ndiye kuti kwaopsa. Anangoti, "Mawa tikaweruka ku tchalitchi mubwere kwa amalume," basi n'kumapita.

Lamulungu limenelo pemphero lotsegulira linali langa. Ndisanalowe n'komwe, anthu atatu anali atandipatsa kale moni wakuti "Mwadzuka bwanji a Nazale?" Sindinaseke. Popita kwa amalumeko njira imadutsa pafupi ndi mitengo ya kumanda kumene anagona akazi anga, ndipo ndinkayenda ndikuwerenga zimene ndidzanyamule pa njinga akandisudzula: Baibulo, bulangete, khasu. Wailesi ndinati ndiisiya.

A Makwinja, malume awo a malemu ndiponso mwini mbumba, anandilozera pansi poti ndikhale. Mpando unalipo, koma sanandilozere umenewo.

"Akamwini, tinakusungani chifukwa mwana wathu uyu anakuikirani kumbuyo. Ife tilibe mawu. Anene ndi mwini wake."

Alamu anamasula pamfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala ka matope. Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Kanali kanga, kanagwa pa chulu paja.

"Mfundo ziwiri dziko linamva," anatero. "Yachitatu imvani inu a m'mudzi muno." Anakatambasula bwinobwino, n'kuwerenga pang'onopang'ono ngati mawu a m'kalata ya mtumwi: "Wopatsidwa ntchito azikhala pa ntchito yake mpaka ithe."

"Ndinkanena za makochi," ndinatero chapansipansi.

A Makwinja anatsokomola, n'kuyang'ana kumwamba kwa mtengo, mapewa akugwedezeka. Ine sindinadziwe ngati ndi mkwiyo kapena china, mpaka mayi wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo onse anaphulika.

Alamu okha sanaseke. "Kuwathamangitsa ndi kuwapeputsira," anatero. "Akapita andiwokerera ndani? Nawonso ali ndi nazale. Mbande zake zonse zibwere kwa ine, ndipo awokere okha, mzere ndi mzere. Tsiku lawo lothirira foni izikhala kwanga."

Ndinawomba m'manja mpaka zikhatho zinawawa. Ndinawokera masiku asanu ndi limodzi, msana ukulira, alamu atakhala pa kakhoma komwe ndinakamanganso, akundifunsa kuti, "Kodi a kochi, mzere uwu waongoka?" Puloti yanga ndinabzala mochedwa, ndipo mpunga wake unacha wokha anthu onse atakolola, mbalame za m'dambo lonse n'kudzachitira msonkhano pamenepo.

Ndinaphunzirapo. Wothirira sachoka pa geti, ndipo Loweruka likagwa pa nthawi yanga ndimakapereka foni ndekha, osadikira kuitanidwa. Kungoti nkhani ya mipikisano ija sinathebe pa wailesi, anthu akungokuwa, ndipo mfundo yachitatu dziko silinaimve. Dzana ndikulambula ngalande ndinapeza kuti ukaima pa mwala wa pafupi ndi geti, n'kukweza dzanja m'mwamba, foni imagwirako pang'ono. Alamu sindinawauze.