Agogo a Wagiran ndi Ndalama za Mutu Wawo

Mudzi wonse unkadziwa kuti agogo a Wagiran akhoza kujomba kumzikiti, koma osati kuchipatala. Khalidweli analiyamba tsiku lomwe namwino Ngatemi anawauza mocheza kuti a inshuwalansi amalipira chipatalacho mwezi ndi mwezi pa mutu wa aliyense wolembetsa, kaya wadwala kaya ali bwino.

"Ndiye kuti mukudyera mutu wanga, mwini wake ndikupsa ndi dzuwa m'munda wa mpunga?" anatero agogowo. "Mawa ndibwera nawo muuone."

Anabwera nawodi. Lero khutu likulira ngati njinga yamoto, mawa alota atameza chule. Tsiku lina anafika atakupatira bakha wotsimphina, akuti nayenso ndi wa pabanja pomwepo. Pabenchi ankagawira odwala nthochi zokazinga, n'kumawaphunzitsa kabuulidwe koti dokotala amve chisoni. Anthu ankaseka mpaka kuiwala chifuwa.

Dokotala Prasojo, mwini chipatalacho, sankaseka nawo. Kwa iye wodwala wabwino anali wokhala kunyumba.

"Agogo, mukutha mankhwala a anzanu," anadandaula tsiku lina.

"Nanga galimoto yanu yatsopano ili panjayo, adokotala, akuimwa ndani katatu patsiku?"

Nyengo yokolola itafika, agogowo anabwera opanda nthabwala, atagwira pamimba, malaya akulendewera ngati obwereka. Ngatemi anachita mantha. Anachonderera dokotala kuti awatumize kuchipatala chachikulu cha m'tauni, koma iye anati mwezi umenewo atumizako kale anthu ambiri, ndipo akawonjezera, a inshuwalansi awadula ndalama. Komanso ndani sadziwa masewero a mkuluyu? Ngatemi anawapatsa mankhwala a m'mimba, maso ali pansi.

Pomwe anadzawatumiza m'tauni, kunapezeka kuti anali ndi chotupa m'mimba, ndipo chinali chitafalikira kale. Ngatemi atapita kukawazonda, agogowo anamukoka dzanja.

"Mwanangu, ukawauze adokotala kuti ulendo uno ndadwaladi. Asade nkhawa, sindidzawavutitsanso."

Masiku ano pabenchi paja pamangomveka kutsokomola. Ambiri amapirira ululu kunyumba poopa kutchedwa a Wagiran, ndipo akabwera amayamba ndi kupepesa. Chaka chitatha, chipatalacho chinayamikiridwa chifukwa chotumiza odwala ochepa m'tauni. Dokotala anakonza phwando, n'kupempha Ngatemi kuti aphike mpunga wachikasu, poti amadziwa kuuphika bwino.

Anaphika, anagawira aliyense, kenako anakakhala kuseri kwa nyumba, mbale yake osaikhudza.