Mfunda wa Mayi Sagona

Kuseri kwa mapiri amene sitinapondeko kuli dziko lotchedwa Thupi, limene linkalamulidwa ndi Mfumu Ndilibwino, munthu wosafuna kumva kuti chinthu chavuta. Minda ya kuzigawo za Manja ndi Miyendo inkalimidwa ndi fuko la Aminofu, ndipo madzi ofiira opatsa moyo ankafika konseko m'ngalande zochokera pa mjigo umodzi wokha wa pakati pa likulu. Wopopa mjigowo anali Mayi Sagona. Ine ndikawaganiza mayiwa ndimagwira pakamwa, pakuti chibadwire dzikolo sanatulepo dzanja, ngakhale kuti akande pamsana.

Chaka china Kazembe Phuma, mkulu wa asilikali oteteza malire, anasokonezeka mutu n'kuyamba kuona Aminofu ngati adani. Anawayatsira moto m'minda mwawo, mpaka a ku Manja ankalephera kukweza chipeso, a ku Miyendo kudzuka pampando. Mfumu inangotumizako mafuta opaka, n'kulengeza kuti likulu lili pabwino. Koma madzi anayamba kudikha kuchigwa cha Akakolo, kenako anasefukira ku Mapapo kochokera mphepo, ndipo mfumuyo inkangoti wefuwefu. Inakalipira Mayi Sagona kuti ayamba ulesi, apope mwamphamvu. Iwo anamvera, ndipo mjigo unayamba kudumphadumpha ngati uima.

Zitafika pamenepo kunabwera sing'anga wachilendo, Tcherakhutu. Sanathamangire kuminda. Anakagwada pamjigo nati, "Pepani mayi, kwathu sitiyankhula ndi wamkulu tisanadziwe mfunda wake. Tikutchuleni ndani?"

"Ndine Naminofu, bambo," anayankha osasiya kupopa. "Kungoti palibe anandifunsapo." Sing'anga atawakwinyira malaya, mikono yawo inali yamabala a moto womwe uja.

Sing'anga anatembenukira kwa mfumu. "Wolemekezeka, amene asilikali anu akuwasaka kuminda ndi abale a mayiwa, ndipo motowo unafika kale pakhomo panu. Mjigo uwu ukaima, dziko lathera pomwepo. Ndimwetsa Phuma mankhwala oziziritsa ukali, ngakhale malire atsala ofooka, choncho muzisamala ndi alendo. Titsegula ngalande kuti madzi odikha atuluke, mchere uchepe chifukwa umasunga madzi, ndipo mayiwa azipopa mofatsa. Zipsera sizidzatha, koma moyo ungathe kupitirira."

Zinachitika momwemo. Madzi anaphwa pang'onopang'ono, mphepo inabwerera, ndipo a ku Manja anapesanso tsitsi. Chiyambire pamenepo, m'mawa uliwonse mfumu imapita pamjigo, imavula chisoti, n'kuwomba m'manja.

"Naminofu, mayi wathu, lero mundilola kuyenda mpaka pati?"

"Mpaka pamtengo apo, mfumu. Mukafika, mukhale pansi."

Ndipo Mfumu Ndilibwino ikafika pamtengopo, imakhaladi pansi.