Tsiku lomwe ndinagwetsera ankolo m'chitsime

Nkhani iyi mkazi wanga Asiyatu amaikonda, ine ndikaikumbuka ndimatuluka thukuta.

Ndine mphunzitsi wa masamu. Titangokwatirana tinapita kwawo ku Lungwena, ndipo ndinapeza chingwe cha pachitsime cha apongozi chitatheratu. Ndinati ndiwagulire chatsopano, koma ndiyambe ndadziwa kuya kwa chitsimecho. Mkamwini wophunzira aonekere!

Njira yake ndi yophweka. Umayeza kukamwa kwa chitsime, kenako kuchokera m'mphepete umaloza pomwe madzi agunda khoma la tsidya linalo n'kupeza angle, kutanthauza kupendekeka kwa mzere walozawo. Ukachulukitsa kukamwako ndi tan ya angle ija, kuya kwapezeka.

Ndinagona chafufumimba, mutu m'chitsime, foni yoyezera angle m'manja. Koma munali mdima.

"Asiyatu!" ndinakuwa. "Thamanga ndi tochi! Angle pansipa sikuoneka!"

Asiyatu anali atapita kunyanja. Amene anamva ndi apongozi aakazi, akutsuka mbale kuseri kwa mpanda. Iwo anamva kuti ankolo, ndipo ankolo a Asiyatu ndi amodzi okha: mlongo wa apongoziwo, che Bwanali.

"Bambo, mwati ali kuti?"

"Pansi, mayi! M'chitsimemu!"

"Mukuwaona?"

"Ayi ndithu, zavuta! Ndayesetsa koma palibe chikuoneka!"

Ndinangomva mbale phwaa!

"Mayo ine, mlongo wanga! Anthuni thandizeni!"

Pomwe ndinkadzutsa mutu, bwalo linali litadzaza. Amayi akulira, asodzi asiya maukonde, wina wayamba kale kuvula malaya. Ndinayesa kufotokoza za masamu anga aja, koma bambo wina anandigwira paphewa: "Limbani mtima, aphunzitsi, mwasokonezeka."

Kenako panatulukira mkulu wina ali wefuwefu, chingwe cha bwato paphewa.

"Patukani! Wagweramo ndani?"

Onse anatembenuka. Anali che Bwanali.

Apongozi anawagwera pachifuwa. Anawagwira kumaso, m'makutu, m'manja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinagwada poteropo n'kufotokoza zonse. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi.

Che Bwanali sanaseke. Anapukuta misozi ndi chipewa, nandiyang'ana.

"Aphunzitsi, mlongo wangayu chikulire sanandiuzepo mawu okoma. Lero wandilira ndili moyo. Mukabweranso holide ikubwerayi, mudzandigwetseremonso."

Kuyambira tsikulo, ndikakhala kwa apongozi masamu ndimawerengera mumtima.