Lichero Lopita ku Mwezi

Mpaka lero ndikamadutsa pa Golomoti pali amayi ena amene amakokera ana awo kumbuyo. Sindiwadandaula, ndinaziputa ndekha.

Ine ndimalemba nthano za m'tsogolo: anthu okhala kumwezi, makina oganiza, zoterozo. (Zosindikiza musandifunse.) Chovuta pa ntchitoyi ndi mayina. Chombo chozungulira choyenda mumlengalenga ungachitche chiyani m'Chichewa? Ndinayesa "mbale youluka", koma zinkamveka ngati ndewu ya m'banja. Kenaka nzeru inabwera: lichero! N'lozungulira, n'lopepuka, n'lathu. Zoti lichero louluka lili kale ndi eni ake kwathu kuno sizinandifike m'mutu.

Mlembi mnzanga anali atandilangiza kuti chinthu ndizichiyesa ndisanachilembe, ndipo mawu a anthu a m'nthano ndiziwanena mokweza kuti ndimve ngati akukoma. Malangizo abwino, koma sananene malo ake.

Loweruka lina ndinapita kwa Esinati, chibwenzi changa, ukwati wathu uli pafupi. Ndinapeza onse ali ku Bwanje kokolola mpunga. Ndikudikira kuseri kwa khitchini, ndinaona lichero pathandala. Ndinalitsitsa n'kukhalamo, mawondo kuchibwano, kuti ndione mmene woyendetsa angakhalire. Kenaka ndinayamba kunena mawu ake, mokweza ndithu.

"Mafuta akwana. Ana nonse mwakwera? Tsinzinani, tikafika kusanache."

Kumbuyo kwanga ndowa inagwa. Anali apongozi, mayi ake a Esinati, atangobwerako kumene.

"Mayo ine! Masanasana?"

Poti ndidzuke, lichero linabooka n'kundikanirira m'chiuno. Mkamwini sathamangira apongozi, choncho ndinangokuwa ndili pomwepo: "Amayi, n'zongoyeserera! Sindinayambe kuuluka!" (Pa mawu onse a m'Chichewa ndinasankha amenewo, ine mlembi.)

M'mawa mwake uthenga unabwera woti za ukwati ziyambe zaima. Apa nthabwala zinatha. Ndinachita mantha zedi, chifukwa Esinati ndimamukonda, ndipo mbiri yaufiti ikakumata sichoka ndi sopo.

Ankhoswe atakumana anandiuza kuti ndiwerenge nthano yonse. Ndinawerenga. Malume ake a Esinati, mkulu wosaseka wamba, ankamvetsera akupukusa mutu.

"Achemwali, mwanayu si mfiti ayi," anatero. "Zonsezi n'zabodza. Ndi ndani amakwera lichero atavala nsapato? Komanso salikhalira chonchi, amagwada. Nanga mafutawo sathira m'botolo, amachita kupaka m'mphepetemu."

Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

"Achimwene," apongozi anafunsa chapansipansi, "inu zimenezi mwazidziwa bwanji?"

"Aa, n'zongomva izi. Aliyense amazidziwa."

Palibe anavomera kuti amazidziwa. Mlandu unachoka pa ine n'kukatera pa malumewo, ndipo ine ndinangolamulidwa kubweza lichero latsopano.

Ukwati unachitika. Malume anabwera, koma mpando woyandikana nawo unakhala wopanda munthu, ndipo moni wanga mpaka pano amayankha ndi mphuno.

Ndinaphunzirapo kuti mawu okoma kwambiri amakhala kuti wina anawatenga kale. Koma pano ndikulemba za kamakina kakafupi kogwira ntchito zonse zapakhomo osadya, osadandaula, ndipo dzina lokhalo limene likukakwana ndi ndondocha. Esinati wati ndikangolilemba ndilongedze, ndikakhale kwa malume.