Ndakutumizirani Sizasi Yanga, a Nduna

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo,

Ndine Herminia Quiceno, wosoka zovala wa ku San Roque del Alto, wa zaka 74. Sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, choncho akundilembera ndi a Abelardo ometa tsitsi, ndipo ndawauza kuti asakometse mawu.

Mtima wanga wafooka, bwana. Mbali zake ziwiri zikugunda ngati banja lokwiyirana, aliyense pa nthawi yake. Mwana wanga Nubia, dokotala wa mtima pachipatala chathu (inde, dokotala, wophunzira ndi singano yangayi), akuti pafunika kundiika kabatire pachifuwa, timawaya take tikafike pamtima. Koma ayambe waujambula, aone pamene pali mnofu wamoyo ndi pamene pali chipsera. Izi ndinazimva msanga. Batani sitisokerera pansalu yovunda.

Tsono ndilembe zothokoza.

Choyamba, zikomo potitumizira makina ojambula mtima. Anafika miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Ndi okongola zedi, ndinawasuzumira pazenera. Akadali m'pulasitiki, chifukwa pakhomo pali riboni, ndipo a pachipatala akuti salowamo munthu inuyo musanaidule. Umenewu ndiye ulemu.

Chachiwiri, mwalengeza katatu kuti mukubwera. Katatu konse bandi inayimba, ansembe anabwera ndi madzi odalitsa, ife tinaotcha ma arepa, zitumbuwa zathu za chimanga. Inu ayi. Sindikudandaula, tinadya tokha. Riboni yoyamba itafwifwa ndi dzuwa, yachiwiriyi ndinasoka ndine, miyendo yanga yotupa ili pampando.

Chachitatu, Nubia anaphunzira ntchito imeneyi zaka zitatu kunja. Lero amayeza mayi ake ndi khutu ngati wogula chivwende. Amaseka ndikamatero, koma ndamuona akupukuta maso.

Ndamva kuti mwatanganidwa ndi kutsegulira mlatho. Mwina sizasi ya boma ndi imodzi. Ndiye ndakutumizirani yanga. Yadula madiresi aukwati zaka makumi anayi, riboni siingaivute. Khofi ndikuphikirani ndekha, ngakhale pochoka pabedi kufika kukhitchini ndimapumula kawiri.

Chonde bwerani mwezi uno. Mukachedwa musadandaule, bandi ndi ansembe adzakhalapo ndithu, ndipo riboniyo idzakwana bwino pankhata yanga yamaluwa. Kungoti tsiku limenelo sitidzatha kukudikirani.

Ine wanu wodzichepetsa, amene mtima ukugundabe mosaloledwa ndi boma,

Herminia Quiceno,
mayi wa Dokotala Nubia