Yusufu Watseka Mpata Wanga

Lolemba

Ndatsimikiza: Wisikesi, womenya ng'oma wakale wa bandi, abwerere pang'oma Loweruka lisanafike. Apo ayi, ine kwanga kwatha.

Bandi ya Dalitso, mwana wa mlongo wanga, imaimba zomwe eniake amati nyimbo za chitsulo. Anaziphunzira pafoni. Magitala kulira ngati chigayo chameza mwala, nyimbo imodzi kutalika mpaka nyemba kupsa. Komatu pakati pa nyimboyo pamakhala mpata wanga! Wisikesi kutsitsa ng'oma, ine kulandira maiki, n'kuponya nthano. Anthu zii.

Tsono Wisikesi anamuchotsa, pabwera Yusufu wa ku Limbe. Mwana ameneyu amamenya ndi manja onse, mapazi onse, kaya ndi makutu omwe. Mpata? Ngakhale singano singalowe. Loweruka akuimba pamsika wa Ndunde, ndipo Dalitso za ine sanatchule.

Zochita:
kusonkhanitsa okonda zakale
kukanyengerera Wisikesi
kusawauza mayi akunyumba

Lachiwiri

Mayi akunyumba adziwa kale. "Inu mukulira ng'oma kapena mukulira maiki?" Funso lachipongwe siliyankhidwa.

Pakhonde pa a Jafali, telala wathu, anthu ali tho! Nkhani ya Wisikesi ndangoiyamba pang'ono, moto buu. A Jafali ali mbali yanga: "Wisikesi ankaimba ndi mtima, uyu akuimba ndi masamu." Eya! Anyamata a kabaza akukana: "Wisikesi ankachedwa ngati minibasi yodikira kudzaza." Wometa tsitsi akuti tonse ndife ana, bandi inafa tsiku lomwe anachoka Bonifasi, uja ankamenya zigubu. Bonifasi! Ndinamuiwala kuti analiko. Mayi wa mandasi akuti nyimbo yeniyeni ndi yoyamba yokha, ija mumamveka tambala kumbuyo.

Ndinapita kukafuna gulu limodzi, ndabwerako ndi magulu anayi. Pakhosi payamba kuyabwa.

Lachitatu

Ndili kuseri kwa golosale kumene bandi imayeserera. Cholinga: kumupeza zifukwa Yusufu.

Mwanayo ulemu wake! Kundigwadira, kundipukutira mpando. Zikundisokoneza zimenezi, mdani azikhala wamwano. Wakhala pang'oma, akumenya. "Madala, mpata ulipo ndithu, tamverani, ndi apa." Ndikutsegula pakamwa, mpata wadutsa kale. "Mwaumva?" Ndaumva ngati mmene umamvera njinga yamoto itakuwaza fumbi.

Nyimbo yake ukati uponye phazi lamanja, iyo yakhotera kumanzere. Dalitso akuti, "Amalume, bandi imakula." Inde, chotupanso chimakula.

Choipa kwambiri: ndapeza phazi langa likugunda pansi lokha. Ndaliponda ndi linzake.

Lachinayi

Ulendo wa ku Nchema, kudimba kwa Wisikesi. Ndamupeza akuthirira kabichi, wanenepa, akuimba mluzu. Munthu wochotsedwa pabandi azioneka chonchi?

Ng'oma zake: ina makoswe anadya chikopa, ina muli nkhuku ikufungatira mazira. Akuti tisaisokoneze.

Ndayala nkhani bwinobwino, kuyambira kwa makolo athu pochoka ku Mozambiki. Ndisanafike pakati wandidula. "Agogo, sanandichotse. Ndinachoka ndekha." Chifukwa? Akukanda m'mutu. "Nthano zanu zija. Manja ankachita dzanzi podikira. Tsiku lina ndinagona ndili pang'oma, anandidzutsa ndi Dalitso."

Kenako akutulutsa foni kundimvetsa Yusufu. "Tamverani mapaziwo, agogo! Ine ndikanatha?" Loweruka akuti abwera, adzakhala kutsogolo.

Njira yonse yobwerera ndikumuyankha mokweza, ndili ndekha. Mayankho abwino amabwera munthu utafika pamlatho.

Lachisanu

Otsala kumbali yanga:
a Jafali
ine

Masana, a Jafali nawonso agwa. Ndawapeza akusoka malaya akuda a bandi, makina akuyenda motsatira mapazi a Yusufu pawailesi. "Ntchito ikufulumira, achimwene, ndisaname."

Ndakalipira anyamata a kabaza kuti nthano ndiyo inali mtima wa bandi. Avomera onse! "Zoona madala, timaisowa. Ndi nthawi imene tinkapita kukagula chipisi." Wina akuti ankathamangira kunyumba kukamangirira mbuzi, kubwerako n'kupeza mfumu ya m'nthano isanakwatirebe.

Ndalalata mpaka mawu aphwa. Likutuluka ndi liwu la chitseko cha dzimbiri. Mayi akunyumba akuti pakhomo pano sipanakhalepo mtendere wotere.

Loweruka

Jekete ndavala. Oitanidwa kapena osaitanidwa, mpata wanga ndikautenga ndi manja.

Pamsika fumbi kobo! Magulu onse alipo, aliyense pakona pake, manja apinda, kudikira kunyoza. Wisikesi yekha kutsogolo, kugwedeza mutu ngati akukana mlandu.

Nyimbo yaitali yafika pamalo panga. Ndakwera. Maiki ndalanda kwa Dalitso. Ndikudikira ng'oma zitsike. Sizikutsika! Ndikumuyang'ana Yusufu, iye akumwetulira, akuwonjezera moto. Mtima wanga phwii, ndakuwa ndi mphamvu zonse: "Iwe Yusufu, lekaaa!"

Chimene chatuluka si mawu a munthu. Nkhumba yokodwa mumpanda, ng'ombe ili pambuyo.

Msika wonse kudumpha! A kabaza, wometa, mayi wa mandasi, a Jafali ndi tepi yawo m'khosi, onse mitu gwede gwede. "Bwerezani, amalume!" Ndikumukalipira Dalitso kuti ndine mbale wa mayi ake, anthu akuwonjezera kukuwa. Ndatukwana bandi yonse mmodzimmodzi. Andinyamula pamapewa.

Lamulungu

Kutchalitchi ndangoyendetsa milomo. Mawu kulibiretu.

Masana Dalitso wafika ndi Yusufu, akhala pamphasa mwaulemu. Akuti liwu lotere akhala akulifuna kuyambira kale, magulu akunja onse ali nalo. Pakhonde pa telala mkangano watha, onse agwirizana kuti bandi yafikapo tsopano. Malo anga alipo, dzina langa lilembedwa ndi pachikwangwani.

Ndikufunsa ndi manja: nanga nthano?

"Nenani iliyonse, amalume. Chachikulu anthu asamve chimene mukunena."

Moyo wonse kusula mawu, lero andilemba ntchito yobangula. Ndagwedeza mutu kuvomera. Maiki ndi maiki.

Mayi akunyumba abwera ndi kapu ya mandimu ndi uchi, yoti pakhosi papole. Dalitso waima msanga: "Pepani, asamwe, angachire." Mayiwo andiyang'ana, ayang'ana kapu, amwa okha.